Andiika M'sitima ya ku Natuna

Surabaya, 14 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Nanga bondo lija likuvutabe mukamakwera m'boti? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndada ndi dzuwa.

Bambo, ndakhoza! Mayeso omaliza anali apakamwa, ndipo wofunsa anali a Kapiteni Sihombing, munthu amene sitinamuonepo akuseka. Anati ndifotokoze mmene amasiyanitsira magulu a asilikali apamadzi. Mabuku amati pali a madzi amatope, a madzi obiriwira ndi a madzi abuluu. Koma mutu unangoima, za m'buku zonse zinathawa.

Ndiye ndinayamba kunena za kwathu. Ndinati bambo anga amaolotsa anthu pa mtsinje wa Kapuas, madzulo ali pakhomo: amenewo ndiye a madzi amatope, olondera mitsinje. Amalume a Sahrul amakawedza mpaka kuzilumba, koma mafuta akachepa amabwerera kudoko: ndiwo obiriwira, olondera gombe ndi nyanja zoyandikana nafe. Abuluu ndi aja amatsatiridwa ndi sitima ina yonyamula mafuta ndi chakudya, moti amatha miyezi osaona mtunda.

A Kapiteni anandiyang'ana kwa nthawi, kenaka anati, "Nanga bambo akowo ali ndi mizinga ingati?" Ndinati ali ndi nkhafi imodzi ndi pakamwa. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

Tsopano andiika m'sitima yolondera kuzilumba za Natuna, ndizikathandiza kuona njira pamapu. Mnzanga Yosina wa ku Ambon akungondiseka kuti mwana wa mumtsinje ine mafunde akandibwezetsa mpunga wadzana. Sananame: paulendo woyeserera ndinasanza masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinadya mbale ziwiri, ina inali yake.

Pempho langa ndi limodzi. Tinyamuka pa 9 Epulo, ndipo tsikulo amalola abale kukwera kudzaona sitima. Ndikudziwa kuti simunakondwe nditalembetsa usilikali, munati nyanja si malo a mwana wamkazi. Komabe bwerani, Bambo. Boti musiyire achimwene a Hamdani, silingamire m'masiku atatu. Ndikufuna mudzaime pamene ndimaima, mundiuze ngati ndikuwerenga bwino madzi.

Moni kwa Amayi, muwauze kuti ndikudya. Moni kwa amalume a Sahrul, amene sakudziwa kuti andikhozetsa mayeso, kwa alamu anga ndi ana onse.

Ndidzakudikirani pachipata cha doko.

Ine mwana wanu,
Nurlela