Mtima wa Kadzungu ndi Kompyuta Yokalamba

Lolemba, 9 Juni
Mwana wanga Kadzungu amujambula mtima lero. Anesi akuti akumva kaphokoso mkati, mwina si kanthu, mwina kabowo. Zithunzi zili mu kompyuta ya kuchipatala, iyoyo ndiyo iwerengetsere. Koma ndi yochedwa, ana ambiri ali pamzere. Kadzungu mwiniwake akungoseka, kuyamwa ngati palibe nkhani. 

Lachiwiri, 10 Juni
Achimwene abwera. Kani ndi iwo amalongedza mapulogalamu a masamu amene kompyuta ija imayendera. Ine ndimayesa amangosewera pa laputopu.

Akuti panopa pulogalamuyo ili ngati diresi la pamsika, lokwana aliyense koma lokhwepa. Akaisoka pa muyeso wa purosesa, ubongo wa kompyutayo, ithamanga, mzere wonse utha. "Mlongo, Kadzungu sangadikire chonchi malume ake ndili moyo." Amuvinitsa mwanayo mpaka dovu chuchuchu. Ndadya bwino lero.

Lachitatu, 11 Juni
Zavuta. Pulogalamu yatsopano akangoitsegula ikufa pomwepo. Mzere waima. Anesi kundiyang'ana ngati ndaipha ndine.

Achimwene anayeza pa laputopu yawo yatsopano, kuiwala kuti ya kuchipatala ndi nkhalamba, malamulo ena a makompyuta atsopano purosesa yake siiwadziwa. Okha akuti, "Ndasokera agogo diresi poyeza mtsikana." Aseka. Ine sindinaseke, ndakalirira kubafa.

Ndikungoika khutu pachifuwa cha Kadzungu. Du du du. Mtima wolakwika umamveka bwanji, sindidziwa. Iye busy kufuna kudya chala cha phazi, ndipo lero wachipeza.

Lachinayi, 12 Juni
Achimwene akuti tsopano aika masaizi angapo m'phukusi limodzi. Pulogalamu iziyamba yafunsa purosesa kuti iwe umatha chiyani, kenako isankhe yoikwana. Ndapita nawo, mwana kumbuyo, sindikanakhala pakhomo.

Anesi: "Akulu, mukaiphanso muwerengetsera pamanja, ana onsewa." Achimwene thukuta kamukamu, chala chili pa batani osadina. Ndawadinira ndine.

Yatseguka. Manambala kuthamanga ngati akuwathamangitsa galu. Ana onse a Lolemba yawamaliza dzuwa lisanafike pamutu. Amayi ena pabenchi anawagwira chanza achimwene osadziwa n'komwe kuti dzulo anaipha ndi omwewa. Sindinaulule.

Dokotala aona mawa. Mulungu wanga, mawa.

Lachisanu, 13 Juni
Kabowo kalipo, koma kakang'ono. Dokotala akuti kotere kamatsekeka kokha mwana akamakula, tibwerenso akayamba kukwawa. Ndawapempha anenenso. Anenanso. 

Pakhonde achimwene amunyamula m'mwamba, akuti uyu adzalongedza mapulogalamu ngati malume ake. Kadzungu wawabwezera mkaka pamalaya. Anesi akuti wayankha.

Wagona pamiyendo panga, chala cha phazi chili m'manja. Masana onse atha, ndangozindikira kuti khutu sindinaikepo.