Chipsera cha Kumanzere

Olievenhoutbosch, Pretoria

Amalume a Filimoni,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino kumudziko. Ine kuno ku Joni ndilipo, ntchito ya m'nyumba ku Waterkloof ikuyenda.

Mwezi watha ndinalowa m'kafukufuku wa madokotala oona za matenda a khunyu. Anandimata timawaya kumutu, kenako anandilowetsa m'makina ojambula ubongo.

Paja inu munkauza mudzi wonse kuti ndimagwa chifukwa amayi anandilodza, mpaka pamaliro awo panabwera anthu owerengeka. Koma adokotala andionetsa chipsera m'kati mwa mutu, kumanzere, pamwamba pa khutu. Akuti n'chakalekale, ndipo ndi chimene chimandigwetsa. Anandifunsa kuti, "Kodi muli mwana munamenyedwapo ndi chinthu cholimba?"

Ndinangokumbukira mpini wa khasu lanu, tsiku lija ndinalekerera mbuzi kulowa m'dimba mwanu.

Chithunzicho andipatsa, ndipo ndachisunga bwino kwambiri. Mu Disembala ndikubwera nacho podzamanga chiliza cha amayi, abale onse adzakhalapo. Inuyo mudzakhale kutsogolo, amalume, poti ndamva kuti maso ayamba kukuvutani.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Mervis