Kafukufuku Uja Ndamusiya

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi amayi kumeneko ku esiteti. Kodi chifuwa chimene chimakuvutani nthawi yosankha fodya chija chayambanso? Ine kuno ku Zomba thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Achimwene a Limbani anandiimbira foni kundiuza uthenga wanu. Akuti kapitawo wamva zoti ndikufuna kudzafunsa matenanti chifukwa chimene ana awo amasiyira sukulu fodya akafika posoka, ndipo wanenetsa kuti ndikangofika ndi mafunso angawo, banja lathu lichoke pa esitetipo. Ndamva, Bambo. Kafukufuku uja ndamusiya. Sindingakugonetseni panja chifukwa cha digiri.

Koma ndisakunamizeni, zandiwawa kwambiri. Mutu umenewu ndinausankha ndekha pokumbukira Sofiya, mwana wa a Vinsenti, amene ankandiposa masamu koma lero amakhalira m'chigafa, mwana kumsana. Nditangoyamba kafukufukuyu ndinkawerenga ngati andilodza, ndipo buku lililonse ndinkalimbana nalo. M'buku lina munalembedwa kuti makolo akumudzi sadziwa ubwino wa sukulu. Ine ndinaimirira m'kalasi n'kufunsa ngati wolembayo anafikapo pamalo pamene mwana akapanda kusoka fodya, banja lonse limadzudzulidwa. Anzanga anandipatsa dzina loti Wamakani, ine n'kumalikonda.

Tsopano andipatsa mutu wina, wa momwe ophunzira amagwiritsira ntchito laibulale. Ulibe minga, sungakwiyitse kapitawo aliyense. Ndimangotola zimene ena analemba kale, kusintha mawu pang'ono, basi. Mayeso ndikhoza, musade nkhawa, kuloweza sikunandivutepo.

Dzana aphunzitsi amene amayang'anira ntchito yanga anandiitana ku ofesi kwawo. Anati zonse ndalemba bwino, palibe cholakwika, kenaka anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga iweyo Tabita, ukuganiza chiyani?" Ndinafufuza m'mutu monse, osapezamo kanthu. Ndinachita manyazi, Bambo, moti ndinangowauza kuti ndatopa. Mbuzi imadya pamene aimangirira.

Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti kumeneko munthu amakhalitsa chifukwa chotseka pakamwa, ndipo ndi kutseka pakamwa komweko kumene munatilera nako. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kapitawo wa ku Ntchisi angathe kunditseka pakamwa ndili kuno.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti mukapita kumsika pa Kasakula mumauza anzanu kuti mwana wanu ali ku yunivesite, akuphunzira kuganiza ngati azungu a m'mabuku. Chonde lekani. Muziwauza kuti mwana wanu ndi womvera, pamenepo mudzakhala mukunena zoona.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali a ku Bowe ndi alamu anga a Roza. Kwa Sofiya musanene chilichonse. Ndinamulonjeza kuti ndidzabwera kudzamva nkhani yake, ndipo sindinapeze mawu omuuzira kuti asadikirenso.

Tsalani ndi Mulungu.

Ine mwana wanu,
Tabita