Kachipsera Kuseri kwa Khutu

Achemwali anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, alamu ndi ana onse. Mwendo wa alamu uja unasiya kutupa? Kuno tadzuka. Kadona akudya, akusewera. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pamene foni ndili nayo. Foniyo sindikuikhulupiriranso. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi aja mumatumizirako katundu. Muwerenge muli nokha.

Mukudziwa kuti chichokereni kwa bambo ake a Kadona chaka chatha, palibe wa kwawo amene ndinamuuza kumene ndikukhala. Mawu ananena pakhomo aja, oti mwana ndi wawo ndipo adzamutenga ngakhale nditabisala m'botolo, sindinawaiwale.

Chimene sindinakuuzeni ndi ichi. Mnzanga wa ku saluni kumene ndimagwira ntchito anandiphunzitsa kutsegula bulogu, tsamba la pa intaneti lolembapo zako. Ndinalitcha Zala Khumi. Ndimalembapo za kuluka tsitsi la ana. Sukulu ndinalekera panjira, koma anthu ankawerenga ndithu, ena kufunsa za mafuta, ena kuyamikira. Ndinayamba kudziona ngati munthu.

Mutu woonetsera malukidwe unali wa Kadona. Ndinkadziyesa wochenjera. Nkhope ayi, dzina ayi, ndinkangomujambula chakumbuyo.

Panali mayi wina wodzitcha Nkhunda Yoyera. Ndikangoika chithunzi, woyamba kuyankha anali iye. Ankati alibe mwana koma ana amawakonda. Tinafika pomalemberana patokha, ndinkamutcha mnzanga. Katatu konse anandipempha malukidwe okweza tsitsi mbali ya kumanzere, akuti akufuna aone mmene mzere umadutsira pakhutu. Ine ndi manja angawa ndinaluka, ndinajambula, ndinaika.

Loweruka masana kunali kukumana kwa olemba mabulogu, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mipando. Anandiitana kuti ndikaonetse kuluka, ndiye ndinapita ndi Kadona. Pakhomo ankapereka timakadi tomata pachifuwa, tolembedwa dzina lako la pa intaneti.

Poyamba ndinaseka, sindinama. Bambo wolemba za kulimbitsa thupi anafika ndi mimba yotsogola, anthu n'kumufunsa ngati mafuta amene amachotsa anzake amasungira iyeyo. Wodzitcha Mkango wa Mpira, wolalata tsiku ndi tsiku uja, anali kamunthu kamanyazi kongoyang'ana nsapato. Mayi wina anamuuza kuti abangule pang'ono timve.

Kenako kunabwera mayi wamtali, wa magalasi, chikwama chodula. Anadutsa mipando yonse n'kulunjika pa ine, kadi yanga ndisanamate n'komwe. Anati ndi Nkhunda Yoyera, ndipo wandizindikira ndi zala. Ndinaseka, koma mumtima ndinati zala zimadziwika bwanji munthu ali kutali choncho?

Anagwada pa Kadona. Sanayang'ane malukidwe ayi. Anatembenuza mutu wa mwana, n'kupinda khutu la kumanzere, n'kunena kuti papola bwino.

Achemwali, mukukumbukira kachipsera kaja ka kuseri kwa khutu lake. Ine pojambula maso anga ankakhala pa mizere ya tsitsi, sindinaganizepo kuti kakuoneka. Ndinamufunsa kuti wakadziwa bwanji. Anati amakaona pazithunzi. Ndiye anaonjeza kuti makapu adothi ndi oopsa pamene pali ana.

Za kapu sindinalembepo paliponse. Odziwa kuti bambo ake anandigenda ndi kapu, chidutswa n'kumutema mwana, ndi inu, ine, ndi a m'nyumba ija.

Ndili kuonetsa kuluka pamutu wa mwana wa munthu wina, ndinamva mayi uja akuitana chapansipansi kuti Masaya. Kadona anatembenuka. Dzina limenelo ankamuitana ndi apongozi okha. Chipeso chinandigwa m'manja, anthu n'kumaseka kuti Zala Khumi zatsala zisanu ndi zinayi.

Nditamaliza anandibweretsera chakumwa. Sindinamwe. Anafunsa kumene tikukhala, ndinatchula mbali ina ya tauni. Anafunsa sukulu ya mwana, ndinati sanayambe. Koma Kadona anali ataberekera kachikwama kake kumsana, kamene madamu a ku sukulu ya mkaka analembapo dzina la sukuluyo ndi cholembera chakuda. Ndinaona maso ake akuwerenga.

Pomaliza anati aliyense alowe pachithunzi cha gulu. Wojambula anati ine ndikweze chipeso dzanja lina, kadi dzanja lina, kuti anthu adziwe ntchito yanga. Ndisanayankhe, mayi uja anali atamunyamula kale Kadona, tsaya ndi tsaya. Ndinachita manyazi kulanda mwana pamaso pa anthu makumi atatu. Manyazi amenewo ndi amene andipweteka.

Dzulo Lachiwiri, pokamutenga mwana, madamu anandikokera pambali. Akuti cha m'ma teni kunabwera mayi wodzitcha azakhali ake a Kadona, amati akamugulire nsapato abweranso naye. Madamu atakana, anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chija, akuti onani mmene mwana amandizolowerera. Ine anandidulapo pachithunzipo. Madamu akuti panangotsala chigongono cha munthu pambali.

Mulungu awadalitse madamuwo. Anati mwana satuluka pageti popanda mayi ake kunena. Mayi uja sanakwiye. Anangomwetulira n'kunena kuti abweranso Lachisanu ndi bambo a mwana, ndi mapepala. Panja panali galimoto yoyera, munthu ali mkati, magalasi otseka.

Mnzanga wa ku saluni poyamba ankati ndikuganiza kwambiri, anthu a pa intaneti amangokhala ozolowera msanga. Nditamuuza za kapu anangonyamuka n'kukatseka chitseko.

Mayiyo sindikumudziwa. Kaya ndi mkazi watsopano wa bambo ake a Kadona, kaya ndi wachibale amene sindinamuonepo. Lero m'mawa wandilembera kuti mnzanga mwakhala chete bwanji, Kadona wadzuka bwanji. Sindinayankhe. Zithunzi zanga zonse ndafufuta, koma cha gulu chija chili pamasamba a anthu onse aja, ndipo ena akulemba pansi pake kuti mayi ndi mwana afanana.

Mawa m'mawa ndipita ku ofesi yoona za ana ndi kalata ya kuchipatala ya bala la Kadona ija munandikakamiza kusunga. Koma za m'maofesi mukuzidziwa, angandiuze kuti ndibwere sabata yamawa. Lachisanu silidikira.

Ndiye ndakugwirani mwendo, achemwali. Bwerani mawa lomwelo, Lachinayi, mudzamutenge Kadona akakhale kwanu mpaka nkhaniyi itaweruzidwa. Kwanu iwo sanafikeko. Musabwere kunyumba. Mulowere khomo la kuseri kwa saluni, kumene timayanika matawulo. Kusukulu sindimutumizanso, akukhala pansi pa tebulo langa ndi zidole zake. Musandiimbire, mungofika.

Mundikalipire mukabwera, ndikuyenera. Munandiuza kuti ndikhale phee ngati madzi a mumtsuko, ine n'kumafuna anthu andiyamikire zala.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze zonse. Moni kwa ana. Mwana wanu wamkulu uja wokonda kujambula chilichonse, mumulande foni Kadona akafika. Ambuye akusungeni panjira.

Mukamuona musadabwe ndi mutu wake. Ndamumasula malukidwe onse, tsitsi ndalisiya liphimbe makutu. Lioneke losasamalika choncho, musaliluke. Ndipo asamujambule munthu, ngakhale chakumbuyo.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Kadona