Alamu a Wilson Ndawapeza ku Dubai

Okondedwa achemwali a Tasila,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Ethan. Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kutentha koopsa.

Achemwali, pali nkhani imene ndakubisirani miyezi iwiri. Muwerenge muli nokha.

Mukudziwa zithunzi zimene amuna anu a Wilson amatumiza, ati ali ku Amereka. Chipewa cha makauboyi, jinzi, atatsamira chigalimoto chakale chapinki. China ataima pafupi ndi chifanizo cha mayi wonyamula muuni uja. Ethan mpaka amauza anzake kusukulu kuti bambo ake amaweta ng'ombe pahatchi ku Texas.

Galimoto imeneyo ndaigwira ndi dzanja langali. Ilibe ndi injini yomwe.

Mu Malichi madamu amene ndimawagwirira ntchito anandituma kuperekeza ana awo ku lesitilanti ina ku Al Garhoud, kufupi ndi bwalo la ndege la kuno ku Dubai. Mkatimo zonse n'zachimereka: mabaga, mipando yofiira, magitala pakhoma, ndi chifanizo chija, chapulasitiki. Pakhomo panali bambo wachipewa akupukusa chingwe, makasitomala akujambulitsa naye. Atawerama kutilonjera, ndinaona chipsera cha pachibwano chija.

Ndinati, "Alamu!" Chingwe chinagwa pansi.

Anandikokera kuseri kwa galimoto yapinki ija. Akuti viza ya ku Amereka inakanika, ejenti anawathawa konkuno, ndiye kubwerera kumudzi anachita nako manyazi. Analira, achemwali, kundipempha kuti ndisanene. Ine wopusa ndinawamvera chisoni.

Lamlungu lapitali ndinapita ku Satwa kukasoketsa diresi. Ndinakumana ndi alamu akutuluka m'shopu atanyamula khanda, pambali pali mayi wina wa ku Zambia, dzina lake Mwenda. Mayiyo atamva Chichewa changa anandikumbatira, nati wakondwa kuona munthu wa kwawo kwa amuna ake, poti chimwalirire mkazi wawo woyamba alibe wowayendera.

Ndinamuuza kuti ine ndine mng'ono wa malemuwo, ndipo malemuwo ndacheza nawo dzulo pafoni. Alamu anangoti zyoli.

Anakuikani m'manda muli moyo, achemwali. Zaka zinayi mukudikira mapepala oti akuitanireni. Munakana ntchito ya uphunzitsi ku Mzuzu poti munyamuka posachedwa. Pamaliro a mwana wanu Carol sanabwere, ati akatuluka mu Amereka sadzaloledwanso kulowa. Munalira nokha, chonsecho munthu akupukusa chingwe pafupi ndi bwalo la ndege.

Mundikhululukire chifukwa chokhala chete. Alamuwo musawaimbire kaye. Pitani kwa ankhoswe, amalume a Kalaba, muwapatse nambala yanga. Ndidzanena zonsezi abale awo akumva, osachotsapo liwu.

Mulungu akugwireni dzanja. Mundiperekere moni kwa amayi, koma kalatayi musawawerengere. Ethan musavutike naye, ndidzamuuza ndine. Inu mwanyamula zokwanira.

Ndine mng'ono wanu,
Benedicta