Zitseko za mu mtima

Mwana wanga Yusufu,

Salaam aleikum, iwe ndi banja lako. Akulemba ndi mlongo wako, koma mawu ndi anga. Mayi ako ali bwino. Ine miyendo ikutupabe, ndipo ndikayenda pang'ono mpweya umandithera.

Kuchipatala ku Boma namwino anandijambulira mtima papepala. Akuti uli ndi zipinda zinayi. Mbali yakumanja imakankhira magazi kumapapo kukatenga mpweya, yakumanzere imawatumiza m'thupi lonse, ndipo pali zitseko zoletsa magazi kubwerera. Chitseko changa china sichikutsekeka bwino, n'chifukwa chake ndikutopa chonchi.

Namwino wachitsikanayo sindinamukhulupirire. Titazinga mbuzi yogulitsa pamsika wa pa Chonde, ndinang'amba mtima wake mosamala. Zipinda ndinazipeza. Zitseko nazo zilipo, zogwidwa ndi tiulusi toyera tomwe ndakhala ndikudula n'kuponyera amphaka moyo wanga wonse. Ndinangokhala pansi mpeni uli m'manja.

Mbuzi sindingathenso kuinyamula n'kuipachika. Anzanga pamsika sindinawauze, ndipo sindikufuna adzandione ndikugwa. Bwera mvula isanayambe, tidzasankhe woti ndimusiyire malo anga ndidakali chiimire.

Mulungu akusunge kumene uliko.

Ndine bambo ako.