Mapazi Akuda pa Kapinga

Lolemba, 13 Januwale

Chisanu cha lero sindinachionepo. Dzuwa latuluka cha m'ma 8:30 n'kupeza bwalo lonse la gofu lili mbuu, kuyambira pakhomo pathu mpaka kunyanja. Kaudzu kalikonse kavala mame oundana, kakunyezimira pakokha. Ndinaima kukamwa kuli yasa mpaka tiyi anandizizirira m'manja. Zaka khumi ndikusamalira kapinga ameneyu, koma amandidabwitsabe.

Tatseka timabwalo tonse ta maenje olowetsamo kampira, mbendera tazisunthira pambali. Kapinga wogwidwa ndi chisanu ukamuponda amathyoka ngati galasi, koma saonetsa pomwepo. Pakapita masiku atatu m'pamene phazi lako limatulukira, lakuda bii. Anandiphunzitsa zimenezi ndi Bambo, omwe anathamangitsa anthu pa kapingayu zaka makumi anayi ntchitoyi isanakhale yanga.

A Wattie, anzanga a pantchito, anamenya kampira kungoyesa. Kanalira ngati mwala pa lata, n'kunjanja pa nthaka youma gwa mpaka kukagwera mumchenga kutali uko. "Ishbel, waona? Mphamvu zikadalipo!" Ndati yamenya ndi nthaka, osati inu achikulire.

Lachiwiri, 14 Januwale

M'mawa ine ndi achimwene anga a Euan tinakaona nyumba yosungirako okalamba. Bambo tinawasiya pa mpando wawo wa pawindo, poti Mayi Geddes oyandikana nafe amabwera 10 koloko. Nyumbayo ndi yabwino, yofunda, m'khonde monse fungo la supu. Ndadana nayo basi.

A Euan pobwerera: "Mlongo wanga, chiwagwireni sitiroko, matenda ofa ziwalowa, Bambo sanayendepo okha popanda chitsulo chawo choyendera cha miyendo inayi. Iwe umalawirira ku ntchito. Atagwa angadzuke bwanji?" Mapepala owasamutsira Bambo kumeneko tikasaina Lolemba likubwerali.

Lachitatu, 15 Januwale

Chisanu chomwechi. Dziwe la pa dzenje lachinayi laundana, abakha akungoterereka pamwamba, manyazi alibe. Madoda anayi asewerabe, mphuno zili psuu, aliyense manja m'khwapa podikira mnzake. Akudandaula kuti kampira kakazizira sikauluka, ngati kuti pa dzuwa amamenya bwino.

Bambo phala sanadye. Ndawauza za Lolemba. Angoti, "Chabwino," maso ali panja. Bola akanandikalipira. Mtima ukundiwawa.

Lachinayi, 16 Januwale

Mphepo yatembenuka. Zonse zasungunuka, kapinga wabiriwiranso.

Lachisanu, 17 Januwale



A Wattie anandikuwira ali pa kabwalo komaliza, kamene kali kuseri kwa nyumba yathu: "Tabwera udzaone zimene chachita chitsiru china!" Mapazi akuda, kudutsa pakati penipeni pa kapinga wanga wabwino kuposa onse. Ndinapsa mtima, ndinatukwana mawu oti sindingalembe muno. Ndinayamba kuwatsata kuti ndidziwe nsapato ya mwini wake, ndikam'chititse manyazi pa gulu.

Phazi lamanja linali lathunthu. Lamanzere silinali phazi ayi, koma mzere wautali, wokhwekhwereza. Lamanja, mzere. Lamanja, mzere. Ndinawerenga masitepe 23. M'mbali mwake munalibe timadontho tinayi ta chitsulo choyendera chija.

Pamalo ena mapazi awiri aima mofanana, monga aimira munthu pofuna kukankha kampira. Pafupi ndi dzenje aimanso chimodzimodzi. Ndiyeno pakamwa pa dzenje penipeni pali chozungulira chakuda, bondo. Pambali pake dzanja, zala zisanu zonse zikuoneka, ngati wina wachita kujambula ndi khala. Kuchoka apo mapazi ayambanso, kulunjika pakhomo pathu.

A Wattie anavula chipewa. "Awa ndi bambo ako," anatero chapansipansi. "Anagwada kutola kampira, n'kudzuka okha."

Ndinawerenga masiku chobwerera. Lachiwiri. Ife tili kalikiliki kuwasankhira bedi, iwo anali pano pa chisanu, okhaokha. Kapinga anasunga nkhaniyi masiku atatu osauza munthu, lero waiulula yonse. Ndinagwada n'kuika dzanja langa pa dzanja lakudalo. Lawo ndi lalikulube. Ndinalira ngati mwana, a Wattie n'kumanamizira kuyang'ana nyanja.

Ndawaimbira a Euan kuti abwere mawa. Sindinawauze chifukwa. Bambo nawonso sindinawafunse kanthu, sindikudziwa poyambira.

Loweruka, 18 Januwale

A Euan anafika ndi mapepala m'thumba la jekete. Ndinangowatengera pa kabwalo paja. Anatsata mapaziwo kawiri, n'kukaima nthawi yaitali pa dzanja lija.

Titalowa m'nyumba ndinati, "Bambo, pali munthu waponda kapinga wa chisanu."

Anayang'ana m'kapu mwawo. "Anthu a masiku ano alibe mwambo."

"Munthuyo amakoka mwendo wamanzere."

Kenako anavomera: "Ndimafuna ndione ngati ndingathe, popanda wondiyang'ana ndi maso achisoni. Kamodzi kokha ndisanapite."

A Euan analowererapo: "Nanga bwanji osatiuza, Bambo? Tikanakusiyani kunyumba ya okalamba kuja osadziwa!"

"Ndinene kuti ndaponda kapinga wa chisanu? Ineyo? Wattie angandisiye?"

Ndiye kuti munthu akanalolera kuchoka pakhomo pake kusiyana n'kuvomera mlandu wa udzu. Sindinadziwe kuti ndiseke kapena ndilire. Ndinawafunsa kuti anakankha kangati kuti kampira kalowe.

"Kamodzi."

"Kapinga akuti kawiri."

Anaseka! Pakamwa pokhota pomwepo, mpaka kutsokomola. Chiwagwireni matendawa sindinamvepo kuseka kumeneko. A Euan anatulutsa mapepala aja, kuwayang'ana, n'kuwabwezera m'thumba. Ati tikambirane za munthu womabwera m'mawa ine ndikachoka.

Bambo ati pamene paferapo kapinga pafunika kukandapo pang'ono n'kuwazapo mchenga, ndipo ine ndilakwitsa. Ndikulemba pano ali pakhomo, akulimbana ndi nsapato yamanzere kuti akandionetse okha, akukana kuti a Euan awathandize.

A Wattie ndawauza kale. Mapazi onse tikonza, koma dzanjalo asalikhudze.